Khutu la Chichewa ndi Masipelo a Chingerezi ku Nkhotakota

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenaka itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA:

Nkhani ya pulogalamu ya lero ndi masipelo a Chingerezi, kutanthauza ndondomeko ya zilembo zimene zimapanga mawu, makamaka masipelo amene amasiyana ndi omwe ali mu mtanthauziramawu koma amaoneka tsiku ndi tsiku pa zikwangwani za m'misika, m'makope a ophunzira ndiponso m'mauthenga a pa foni m'boma la Nkhotakota, kuchokera ku Dwangwa kumpoto, kudzera pa Boma, kukafika ku Benga kummwera. Popeza wailesi imafikira khutu lokha, mawu ena atchulidwa chilembo chimodzichimodzi, ndipo omvera amene ali ndi kope ndi pensulo pafupi apindula akamalemba mawuwo, kuti aone ndi maso kusiyana kumene khutu lingalephere kugwira.

Munthu woyenda mumsewu wa M5 amene amawerenga zolembedwa pa makoma a magolosale, pa malo ometera ndi pa malo odyera sachedwa kukumana ndi "glocery", g-l-o, m'malo mwa "grocery", g-r-o, kapena "resturant" m'malo mwa "restaurant", kapenanso "flesh fish" pamene wogulitsa amafuna kunena "fresh fish", nsomba zongovuulidwa kumene m'nyanja. Anthu ambiri ophunzira akaona zimenezi amangoti ndi umbuli kapena kusasamala kwa wolemba zikwangwani, ndipo nkhani imathera pomwepo. Chigamulo chotere n'chopupuluma, chifukwa masipelo amenewa akasonkhanitsidwa n'kuikidwa pamodzi amaonetsa kuti sabwera mwachisawawa: ndi omwewomwewo amene amalembedwa ndi anthu osadziwana, okhala m'madera otalikirana, ndipo pafupifupi sipelo iliyonse ili ndi chifukwa chimene chingalongosoledwe. Gwero la zifukwazo lili pawiri, m'Chingerezi momwemo ndiponso m'khutu la munthu amene anakula akuyankhula Chichewa.

Chingerezi chimalembedwa ndi zilembo 26, koma m'katchulidwe ka ku England, kamene sukulu za m'Malawi zinatengera, muli maliwu pafupifupi 44, ndipo mwa amenewa pafupifupi 20 ndi mavawelo, omwe ndi maliwu otuluka m'kamwa popanda kutsekerezedwa ndi lilime, mano kapena milomo. Zilembo zoimira mavawelowo zilipo zisanu zokha, motero chilembo chimodzi chimasenza ntchito zingapo, ndipo liwu limodzi limalembedwa m'njira zambiri, monga momwe liwu lomwelo limalembedwera mosiyana m'mawu akuti "see", "sea", "field", "receive", "key" ndi "people". Chisokonezo chimenechi chili ndi mbiri yake. William Caxton atakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, masipelo anayamba kukhazikika pa nthawi imene katchulidwe kanali kakusintha kwambiri, makamaka ka mavawelo aatali, kotero kuti zilembo zinatsalira pa katchulidwe kakale pamene pakamwa pa anthu panapitirira. Chilembo cha k m'mawu akuti "knife" ndi "knee" chinkamveka kalelo, chimodzimodzinso g-h m'mawu akuti "night". Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1500, akatswiri okonda Chilatini analowetsa b m'mawu akuti "debt" ndi "doubt" pofuna kuonetsa kumene mawuwo anachokera, ngakhale kuti chilembocho palibe amene ankachitchula, ndipo s wa m'mawu akuti "island" analowa chifukwa cha kuganiza molakwika kuti mawuwo ndi achibale a mawu ena a Chilatini.

Ganizo lakuti mawu aliwonse ali ndi sipelo imodzi yokha yolondola linakhwima mochedwa. William Shakespeare, amene anamwalira mu 1616, anasiya masiginecha asanu ndi limodzi odziwika, ndipo dzina lake silinalembedwe mofanana m'masiginechawo. Mtanthauziramawu wa Samuel Johnson wa mu 1755 ndi umene unathandiza kwambiri kukhazikitsa masipelo ku Britain, pamene ku America Noah Webster, kudzera mu mtanthauziramawu wake wa mu 1828, anakhazikitsa masipelo ena monga "color" wopanda u ndi "center" wothera ndi e-r. Kalembedwe kotereka kamavuta ndi eni ake omwe. Mu 2003 Philip Seymour ndi anzake anasindikiza kafukufuku woyerekeza ana oyamba sukulu m'ziyankhulo 13 za ku Ulaya, ndipo anapeza kuti ana ophunzira kuwerenga Chingerezi amatenga nthawi yoposa kawiri imene amatenga anzawo a ziyankhulo zolembedwa monga momwe zimatchulidwira, monga Chifinishi ndi Chitaliyana. Choncho mwana wa ku Linga kapena kwa Mwansambo akamavutika ndi masipelo a Chingerezi, akulimbana ndi chinthu chimene chimachedwetsa ngakhale mwana amene amamva chiyankhulocho kuyambira ali kumsana.

(Nyimbo pang'ono)

Kalembedwe ka Chichewa kali ndi khalidwe lina, chifukwa kanakonzedwa mwadala komanso posachedwa, kuyambira pa ntchito ya amishoni monga David Clement Scott wa ku Blantyre, amene anasindikiza mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892, kufikira pa bungwe la Chichewa Board limene linakhazikitsidwa mu 1972 n'kutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, omwe anaunikidwanso mu 1980 ndi mu 1990, ntchitoyi isanapite m'manja mwa Centre for Language Studies ya ku Zomba mu 1996. M'kalembedwe kameneka liwu limodzi kawirikawiri limakhala ndi chilembo chake, kotero kuti mwana amene wadziwa maphatikizo amatha kulemba mawu amene sanawaonepo chibadwire. Lamulo limene mwana wa Sitandade 1 amalizindikira, ngakhale mphunzitsi asalitchule, ndi lakuti munthu alembe zimene wamva. Lamuloli ndi labwino, ndipo ndi limene limachititsa kuti kuwerenga Chichewa kudziwike msanga, koma mwanayo akalitenga n'kupita nalo ku Chingerezi limamusocheretsa, poyamba chifukwa Chingerezi sichilembedwa monga chimatchulidwira, ndipo chachiwiri chifukwa zimene iye wamva sizifanana kwenikweni ndi zimene Mngerezi amamva.

Mfundo yachiwiriyi ndi imene imafuna kuifatsira. Katswiri wa maliwu a ziyankhulo wochokera ku Russia, Nikolai Trubetzkoy, m'buku lake lotuluka mu 1939 anafanizira chiyankhulo chimene munthu anayamwira ndi sefa imene maliwu onse achilendo amadutsamo, ndipo msodzi wa pa Chia angamvetse msanga atauzidwa kuti ndi ukonde umene umakola nsomba zolingana ndi maso ake, zina n'kupulumuka. Chichewa chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, monganso Chiyao ndi Chitonga chimene chimamveka kumpoto kwa bomali, ndipo mavawelo 20 a Chingerezi akafika m'khutu lozolowera asanu amagawidwa m'magulu asanu omwewo. Mawu akuti "hat", chipewa, "hut", kanyumba, ndi "heart", mtima, amene kwa Mngerezi ndi osiyana kotheratu, onse amamveka ngati hati. Chimodzimodzi "ship", sitima, ndi "sheep", nkhosa. "Live", kukhala, ndi "leave", kuchoka kapena tchuthi cha kuntchito. "Staff", ogwira ntchito, ndi "stuff", katundu. Vawelo ya m'mawu akuti "bird", "first" ndi "work" imagwera m'gulu la e, monga umboni wake ukuonekera m'mawu obwereka akuti siketi ndi nesi, n'chifukwa chake wophunzira amatha kulemba "bed" pamene amafuna kunena mbalame. Wogwira ntchito pa minda ya nzimbe ku Dwangwa akalemba kalata yopempha "live", l-i-v-e, sanalembe mwaulesi: walemba mokhulupirika liwu limene khutu lake linamupatsa, ndipo wasankha sipelo ya mawu enieni a Chingerezi amene amawadziwa.

Chinthu china chimene chimasiya chidindo chake pa masipelo ndi kapangidwe ka phatikizo, kachigawo ka mawu kamene kamatuluka pa kutsegula pakamwa kamodzi. Phatikizo la Chichewa limathera ndi vawelo, monga mu u-si-pa kapena ko-ndo-wo-le, pamene Chingerezi chimalola makonsonanti, omwe ndi maliwu otsekerezedwa aja, kuunjikana atatu poyambira mawu monga mu "street", ndiponso kutseka mawu monga mu "desk". Woyankhula Chichewa amamasula mulu wotere polowetsa vawelo pakati, ndipo vaweloyo imatsikira papepala: "hosipital", "adimission", "subuject". Chochititsa chidwi kwambiri ndi zimene zimachitika wophunzira akazindikira chizolowezi chakechi, pakuti amayamba kukayikira vawelo iliyonse yokhala pakati pa makonsonanti, n'kumachotsa ngakhale imene ndi ya Chingerezi chenicheni, motero pamabadwa "captal" m'malo mwa "capital", "depost" m'malo mwa "deposit" ndi "universty" m'malo mwa "university". Akatswiri a ziyankhulo amatcha zimenezi kukonza kopyola muyezo, ndipo ndi chizindikiro chakuti wolembayo wapita patsogolo, chifukwa munthu sangachotse vawelo imene sakuidziwa kuti amailowetsa. Kukayikira komweku kumafika kumapeto kwa mawu, kumene i wongowonjezera potchula amasokonezeka ndi y weniweni wa Chingerezi, kotero kuti "health" ndi "healthy", "difficult" ndi "difficulty", "guilt" ndi "guilty" amasinthanitsidwa. Apa cholakwikacho chimakhala chachikulu kuposa momwe chimaonekera, popeza y ameneyo ndi amene amasiyanitsa dzina ndi mfotokozi, ndipo mphunzitsi amene akuchiona ngati vuto la galamala yokha amakhala akuchiza matenda ena.

Nkhani ya l ndi r ndiyo yodziwika kwambiri, komanso ndi imene anthu amanyozedwa nayo kwambiri. M'Chichewa zilembo ziwirizi zimaimira liwu limodzi limene limasintha pang'ono malinga ndi malo ake, ndipo palibe mawu awiri amene tanthauzo lawo limasiyana chifukwa cha l ndi r yekha. Malamulo a kalembedwe amati r alembedwe pambuyo pa i ndi e, monga mu mbiri ndi bwera, pamene l alembedwe poyambira tsinde la mawu ndi pambuyo pa a, o ndi u, monga mu lemba, mbale ndi gula. Ngakhale lamulo limeneli lakhala likusunthasuntha, pakuti mabuku akale analemba chirombo ndi ndiri pamene atsopano amalemba chilombo ndi ndili, ndipo wowerenga sasokonezeka konse. M'Chingerezi zinthu sizili choncho: "rice" ndi mpunga koma "lice" ndi nsabwe, "pray" ndi kupemphera koma "play" ndi kusewera, "glass" ndi galasi koma "grass" ndi udzu. Munthu amene kwa zaka zonse za ubwana wake anaphunzira kuti kusiyana kumeneku n'kopanda ntchito akufunsidwa tsopano kuti akumve, akukumbukire ndi kukulemba, ndipo ntchito imeneyi ndi yofanana kukula kwake ndi imene Ajapani ophunzira Chingerezi amakumana nayo pa zilembo zomwezi. Wogulitsa mpunga wa kilombero amene chikwangwani chake chasokoneza zilembozi amayenera kuuzidwa mwaulemu kuti akonze, chifukwa malonda ake ndi amene akuvulala, koma kumuseka kumangoonetsa kuti wosekayo sadziwa mmene ziyankhulo zimagwirira ntchito.

Chilembo cha r chili ndi vuto linanso lochokera ku England komweko, kumene m'katchulidwe kophunzitsidwa m'sukulu r wobwera pambuyo pa vawelo samveka. Mawu akuti "order" anafika m'Chichewa opanda r aliyense, ndipo ndi amene amayi ogula usipa wambiri pagombe kuti akagulitse ku Kasungu kapena ku Lilongwe amagwiritsa ntchito akamati akukaoda. Wophunzira amene wazindikira kuti m'Chingerezi muli r wosamveka amayamba kumuika pamene palibe, n'kulemba "farther" pofuna kunena bambo, ndipo uku ndi kukonza kopyola muyezo komwe kuja.

(Nyimbo pang'ono)

Kusamva bwino maliwu a chiyankhulo cha eni si vuto la mbali imodzi, ndipo umboni wake uli m'dzina la boma lino. David Livingstone anafika kuno mu 1861, pa nthawi imene Jumbe Salim bin Abdallah anali atakhazikitsa kale malonda ake a minyanga ndi akapolo, ndipo kuyambira masiku amenewo mpaka kutha kwa ulamuliro wa atsamunda malowa ankalembedwa m'mabuku, pa mapu ndi m'makalata a boma kuti Kota Kota. Amishoni a Anglican a UMCA, amene anatsegula mishoni yawo kuno mu 1894 ndipo anaika maliro a Bishopu Chauncy Maples pa tchalitchi cha All Saints atamira m'nyanja mu 1895, ankalembanso chimodzimodzi. M'sipelo imeneyi munasowa zinthu ziwiri: n woyambirira, chifukwa mawu a Chingerezi sayamba ndi n-k, ndiponso h, amene m'Chichewa amaonetsa kampweya kotsatira k, p kapena t. Kampweya kameneka kamasiyanitsa matanthauzo, monga pakati pa kola ndi khola kapena pala ndi phala, koma m'Chingerezi sikasiyanitsa kanthu, motero khutu la Mngerezi linkakalola kupulumuka. Zomwezi zinachitikira Thyolo amene ankalembedwa Cholo, Mulanje amene ankalembedwa Mlanje, Ntcheu amene ankalembedwa Ncheu ndi Nkhata Bay amene ankalembedwa Nkata Bay, mpaka masipelowa anakonzedwa dziko litalandira ufulu mu 1964. Amene analemba Kota Kota anali anthu ophunzira kwambiri, ndipo anachita chimodzimodzi ndi wolemba "glocery": analemba zimene anamva. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anali ndi mphamvu ndi makina osindikizira, choncho sipelo yawo inakhala yovomerezeka kwa zaka pafupifupi 100.

Pa nkhani ya kampweyaka khutu la Chichewa ndi lakuthwa kuposa la Mngerezi. Oyankhula Chingerezi amatulutsa mpweya akamatchula k, p kapena t poyambira mawu, koma sautulutsa maliwuwo akatsatira s, ndipo ambiri a iwo sadziwa n'komwe kuti amatero. Chichewa chinagwira kusiyana kumeneku m'mawu ambiri obwereka: khoti, khadi, khofi, khansala ndi thaulo ali ndi h, pamene sukulu, sitolo ndi supuni alibe, ngakhale kuti mawu ena monga tebulo ndi kapu satsata dongosololi. Vuto limabwera papepala, chifukwa p-h ndi t-h zili ndi ntchito ina m'Chingerezi, ndipo n'chifukwa chake mlendo amatchula dzina la Phiri ngati Firi, pamene wophunzira wa kuno amalemba "fone" ndi "foto".

Mawu obwereka amene atchulidwawa afunika kuwasiyanitsa bwino ndi masipelo olakwika, popeza anthu ambiri amasakaniza ziwirizi. Golosale, okala, telala, batire ndi keyala ndi mawu a Chichewa tsopano, ndipo kuwalemba motero m'chiganizo cha Chichewa n'kolondola kotheratu, monga momwe Chingerezi chinatengera mawu zikwizikwi ku Chifalansa n'kuwatchula mwa njira yake. Sipelo yakuti "glocery" ili pakati pa ziyankhulo ziwiri, chifukwa yatenga l wa golosale n'kumuika m'mawu a Chingerezi, ndipo mwini golosale akanakhala wolondola akanasankha chimodzi mwa ziwirizo. N'zomvetsa chisoni kuti amalonda ambiri, amene makasitomala awo onse ndi oyankhula Chichewa, amaona kuti chikwangwani cha Chingerezi chokayikitsa chimapatsa ulemu kuposa cha Chichewa cholembedwa bwino, ndipo maganizo amenewa ndi chipatso cha mbiri yaitali imene inaika Chingerezi ku ofesi ndi Chichewa kumudzi, ngakhale kuti Chichewa chinalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968.

Palinso masipelo ena amene mtanthauziramawu wa ku Britain angawakane koma afala kwambiri moti n'kovuta kuwatchabe olakwika. Malo okonzera tsitsi amalembedwa "saloon", ndi o awiri, m'Malawi, ku Zambia, ku Tanzania, ku Kenya mpaka ku India, pamene ku England amalembedwa "salon", ndipo mawu awiriwa anachokera ku mawu amodzi a Chifalansa. Kasitomala wa pa msika wa pa Boma sasokonezeka nawo. Masipelo a ku America nawo akulowa kudzera pa kompyuta ndi foni, zimene kawirikawiri zimabwera zitatcheredwa ku Chingerezi cha kumeneko ndipo zimadula mzere wofiira pansi pa "colour" kapena "centre", masipelo amene ndi ophunzitsidwa m'sukulu za m'Malawi.

Mauthenga a pa foni ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko sipelo imasinthidwa mwadala. Uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Britain mu Disembala 1992, ndipo uthenga umodzi sunkapitirira zilembo 160. Mafoni a m'manja atafika m'Malawi ndi kampani ya TNM mu 1995 ndi ya Celtel mu 1999, imene pambuyo pake inakhala Zain kenaka Airtel, uthenga uliwonse unkadya mayunitsi, ndipo kulemba pa mabatani a manambala kunali kochedwa, motero achinyamata anazolowera "gud nyt", "bcoz", "plz" ndi "u". Chizolowezichi chapitirira pa WhatsApp ndi Facebook ngakhale malire a zilembo anatha. Kusiya mavawelo polemba si chinthu chachilendo m'tauni ya Chisilamu chakale ngati Nkhotakota, pakuti m'kalembedwe ka Chiarabu mavawelo aafupi kawirikawiri salembedwa ndipo wowerenga wodziwa amawabwezeretsa yekha. Makolo ndi aphunzitsi ambiri amadandaula kuti kalembedwe ka pa foni kakuononga masipelo a ana, koma kafukufuku wa Beverly Plester ndi Clare Wood wa ku Coventry University, wosindikizidwa m'zaka za 2008 ndi 2009, anapeza kuti ana a ku England ogwiritsa ntchito kwambiri zidule zoterezi sanali otsalira pa kuwerenga ndi masipelo, ndipo David Crystal anatsindika mfundo yomweyo m'buku lake la mu 2008. Komabe zotsatirazi ziyenera kutengedwa mosamala kuno, popeza ana a ku England amakumana ndi sipelo yokhazikika m'mabuku ndi m'nyuzipepala tsiku lililonse, pamene wophunzira wa kumudzi amene amagawana buku limodzi ndi anzake angapo akhoza kuona "gud" kambiri kuposa "good". Choopsa chenicheni kwa iye ndi kusowa kwa zowerenga.

(Nyimbo pang'ono)

Kumvetsa gwero la masipelo amenewa sikutanthauza kuti sipelo yokhazikika ilibe ntchito. Chingerezi ndi phunziro limene wophunzira ayenera kukhoza kuti alandire satifiketi ya MSCE kuchokera ku bungwe la MANEB, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2013 linachiika kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu. Kalata yofunsira ntchito imaweruzidwa ndi maso mwini wake asanaitanidwe n'komwe. Mwana wa msodzi amene sanaphunzitsidwe masipelo bwino amalipira mtengo umene mwana wa m'tauni wokulira pakati pa mabuku salipira, choncho kumulekerera poganiza kuti akumuchitira chifundo n'kumulakwira kawiri.

Chofunika kusintha ndi kaphunzitsidwe. Mu 1971 Charles Read wa ku America anaonetsa kuti masipelo odzipangira a ana aang'ono amatsata dongosolo la maliwu, ndipo kuyambira pamenepo aphunzitsi ambiri anayamba kuwerenga cholakwika ngati uthenga wonena pamene mwana wafika. Mphunzitsi amene wachonga lembetso n'kupeza "flesh", "hosipital", "captal" ndi "recieve" ali ndi mavuto anayi osiyana patsogolo pake, ngakhale cholembera chofiira chimawadula mofanana. Loyamba limafuna kuphunzitsa khutu ndi lilime pogwiritsa ntchito mawu awiriawiri osiyana liwu limodzi lokha, monga "lock" ndi "rock", mwana akuona pakamwa pa mphunzitsi ndi kumva pamene lilime lake likugunda. Lachiwiri ndi lachitatu amafuna kuomba m'manja powerenga maphatikizo a mawu a Chingerezi ndi kuwayerekeza poyera ndi a Chichewa, kuti mwana adziwe vawelo imene ndi yake ndi imene ndi ya mawuwo. Lachinayi ndi limene ana a ku London nawonso amalakwitsa, ndipo mankhwala ake ndi kuwaona mawuwo kawirikawiri ndi kuwaloweza pamodzi ndi achibale ake monga "deceive" ndi "receipt". Kulembetsa mwana mawu amodzi kambirimbiri ngati chilango kumathandiza pang'ono pa vuto lachinayi lokha.

Njira imeneyi imafuna kuti Chichewa chikhale ndi malo m'kalasi ya Chingerezi, m'malo mothamangitsidwa ngati mdani. Kafukufuku wa Eddie Williams wa m'zaka za m'ma 1990, woyerekeza sukulu za pulayimale za m'Malawi ndi za ku Zambia, anapeza kuti ana a m'Malawi, amene ankayamba kuphunzira m'Chichewa, ankawerenga chiyankhulo chawo bwino kwambiri kuposa anzawo a ku Zambia amene ankayamba ndi Chingerezi, chonsecho pa Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni. Mwana amene amadziwa bwino malamulo a kalembedwe ka Chichewa ali ndi poyambira pomufotokozera kuti Chingerezi chimayendera malamulo ena.

Malo amodzi amene sipelo imavulaza anthu mwakachetechete ndi mayina. Mayina ochokera ku Chingerezi amadutsa m'khutu lomweli, motero Florence amalembedwa Frolence, Gloria amalembedwa Groria, ndipo Ellen, Helen ndi Hellen amasinthanitsidwa malinga ndi kalaliki amene wagwira cholembera. Pa dzina la munthu palibe mtanthauziramawu wogamula, ndipo sipelo imene makolo anasankha ndiyo yolondola, koma iyenera kukhala imodzi paliponse. Chiyambire kalembera wa unzika wa mu 2017 woyendetsedwa ndi National Registration Bureau, dzina la pa chiphaso cha unzika limayerekezedwa ndi la pa satifiketi ya sukulu, la ku banki ndi la pa nambala ya foni, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi kumatha kuimitsa ntchito ya munthu mpaka atakalumbira kwa woona za malumbiro kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Makolo ndi aphunzitsi aakulu amene akulembetsa ana mayeso a Sitandade 8 ayenera kuika kaundula wa sukulu pambali pa chikalata cha kubadwa cha mwana n'kuwerenga dzinalo chilembo chimodzichimodzi fomu isanatumizidwe, chifukwa sipelo imene yalowa pa mayeso oyambawo ndi imene kawirikawiri imatsatira mwanayo mpaka ku Fomu 4.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)